Galimoto ya Zione, Mwendo wa Jailosi

Zione anagula galimoto ali mayi wamkulu kale, imvi zitayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku. Kuyambira utsikana wake ankagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay. Anayamba ndi kuchapa zofunda za alendo pamanja, ndipo makina atabwera anamukweza kukhala woyang'anira onse ochapa ndi okonza m'zipinda. Mwamuna wake anamwalira ana ali aang'ono. Amayi a kumpingo ankati Zione akadzangomaliza kuphunzitsa anawo adzapuma, koma ana atamaliza sukulu iye anakalembetsa sukulu yoyendetsa galimoto ku Salima. Mayeso oyamba analephera, achiwiri anakhoza.

Galimotoyo inali kasiyenta kabuluu kogula kwa mphunzitsi wina wa ku Lilongwe. Mipando inali yotha ndithu, koma injini inkalira bwino. Tsiku limene inafika pakhomo, amayi oyandikana nawo anaimba nthungululu ngati kwabwera mkwatibwi, ndipo Zione anaizungulira akuisisita ndi chikhatho.

Mlongo wake wamkulu, a Kenneth, anabwera kuchokera ku Khombedza kudzaiona. Iwowa anagwirapo ntchito ya ukondakitala pa minibasi, choncho nkhani iliyonse yamsewu ankaitenga ngati yawo.

"Za inshuwaransi musavutike nazo, achemwali," anatero akumenya tayala ndi nsapato. "Ndili ndi dobadoba wanga. Kapepala kaja komata pagalasi akubweretserani mawa lomwe, pamtengo wozizira."

"Kapepalako kamagwira ntchito yanji, achimwene?"

"Ntchito yanji bwanji? Kamakudutsitsani pa rodibuloko. Apolisi amangoona kuti kalipo, basi."

Zione sanatsutse, koma mumtima sanakhutire. Iye ngakhale sopo wa kuloji sankagula asanadziwe kuti amachotsa litsiro lotani. Lolemba lake anapempha kuti aweruke msanga, n'kupita yekha ku ofesi ya kampani ina ya inshuwaransi m'tauni ya Salima. Kumeneko anapeza mayi wina wamagalasi, dzina lake Pilirani, akudya chinangwa chophika kuseri kwa kompyuta.

"Ndabwera kuti mundiuze chimene ndikugula," anatero Zione atakhala pansi. "Mundiuze m'Chichewa, pang'onopang'ono."

Pilirani anaseka, n'kukankhira chinangwa pambali. "Mwachita bwino, mayi. Ambiri amangoti tipatseni yotchipa. Tiyambe chonchi. Pa nkhani iyi pali anthu atatu. Woyamba ndi inu, wachiwiri ndife akampani. Wachitatu ndi munthu wina aliyense amene galimoto yanu ingamupweteke kapena kumuwonongera katundu: woyenda pansi, wakabaza, mwini mpanda, mwini galimoto ina. Inshuwaransi yomwe timaitcha thedipate ndi ya munthu wachitatuyo. Mukamulakwira pamsewu, ife ndi amene timamulipira m'malo mwanu, mpaka malire amene tagwirizana. Imeneyi lamulo limati galimoto isayende popanda iyo."

"Nanga yanga ikaphwanyika?"

"Mukonza nokha."

"Ikabedwa? Ikapsa?"

"Mulira nokha, mayi. Pokhapokha mutatenga inayo, ya kompulehensivu. Imeneyo imalipira munthu wachitatu, imalipiranso galimoto yanu. Komabe ngakhale pamenepo pali kagawo koyamba kamene mumatulutsa inuyo m'thumba, ife n'kumalizitsa."

Pilirani atatchula mtengo wa kompulehensivu, Zione anagwira pakamwa n'kuseka. Thumba lake linali litathera pa galimoto. Anayang'ana panja pomwe kasiyenta kake kanaima padzuwa.

"Ndipatseni ya munthu wachitatuyo," anatero. "Zitsulo ndikhoza kuzilira ndekha. Koma munthu sindingamukwanitse."

Asanatuluke, Pilirani anamuchenjeza zinthu zingapo. Galimotoyo ailemba kuti ndi yoyendera mwini wake, choncho akadzayamba kunyamula matola inshuwaransi sidzagwira ntchito. Asadzapatse chiwongolero munthu wopanda laisensi. Ndipo tsoka likadzagwa, akanene kupolisi, aimbire foni ku ofesi msanga, komanso asadzagwirizane ndi munthu zolipirana kumbali. Zione anabwereza zonsezo mokweza ngati mwana wa kalasi ya ubatizo, mpaka Pilirani anagwedeza mutu.

Miyezi inapita galimoto ikuyenda bwino. Lamlungu inkanyamula okalamba kupita nawo kutchalitchi, ulere. A Kenneth anabwera kangapo ndi nzeru yoti masana, Zione ali kuntchito, iwo aziyendetsa matola pakati pa Salima ndi Senga Bay.

"Galimoto ikungogona pamthunzi ngati mbuzi yodwala, pomwe anthu ali mbwee pasiteji!"

"Igone, achimwene. Sinalembedwe za matola."

"Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine."

A Kenneth anachoka akung'ung'udza kuti akazi akagula galimoto amaiyesa mwana.

Loweruka lina m'mawa, nthawi yokolola, Zione anapita ku Lifuwu kukagula mpunga. Pobwerera anapeza ngolo ya ng'ombe patsogolo pake, itasenza matumba mpaka pamwamba, ikuyenda mwaulesi. Dzuwa linali litakwera, ndipo masana ankayembekezera alendo ambiri kuloji. Analiza hutala, ngolo osapatuka. Msewu unali kukhota pang'ono pamenepo, koma iye anaona ngati patsogolo palibe kanthu, n'kutulukira kumanja kuti apitirire.

Kutsogolo kunkabwera wakabaza wina, ndipo Zione anangomuonera pafupi. Anaponda mabuleki, matayala n'kutsetsereka pamchenga. Anamva kugunda, kenako galimoto inasiya msewu n'kukadziwombetsa pa mtengo wa mgwalangwa. Boneti inapindika ngati chitini, nthunzi ili tolotolo.

Zione anatuluka pachipumi pakuchucha magazi. Munthuyo anali gone m'mbali mwa msewu, njinga yake itapindika pakati, mwendo wakumanja utaloza kumene mwendo suloza. Sankakuwa. Ankangobwereza chapansipansi kuti, "Ya Allah, ya Allah."

Anthu anatuluka m'minda ndi m'nyumba. Akabaza anzake anafika pa liwiro, n'kuponya njinga zawo pansi.

"Ndi Jailosi! Apha Jailosi!"

"Amagalimoto amationa ngati agalu!"

Wina anatola mwala. Nthawi yomweyo pikapu yomwe inkabwera m'mbuyo inaima, ndipo dalaivala wake anatsegula chitseko n'kukuwa kuti, "Mayi, kwerani msanga ndikakusiyeni kupolisi! Anthu awa akupwetekani!"

Zione anayang'ana chitseko chotsegukacho. Mtima unkamuuza kuti akwere. Koma anamasula chitenje chake, n'kugwada pafupi ndi wovulalayo, n'kumanga pamene magazi ankatuluka. Kenako anaimirira n'kukweza makiyi m'mwamba kuti onse aone.

"Ndagunda ndine," anatero mokweza. "Dzina langa ndine Zione, ndimagwira ntchito kuloji ku Senga Bay, ambiri mumandidziwa. Galimoto ndi iyo, siithawa. Inenso sindithawa. Kundimenya mundimenya bwino, koma tiyambe tanyamula munthuyu."

Amene anatola mwala uja anauponya pansi, n'kugwira Jailosi m'mapewa. Anamukweza kumbuyo kwa pikapu, ndipo Zione anakhala pansi pomwepo atatsamiritsa mutu wa Jailosi pamiyendo pake mpaka kuchipatala ku Salima. Madokotala atamulandira, iye anapita kupolisi ndi magazi ake pachipumi, n'kufotokoza zonse monga zinachitikira, osachotsera ngolo, osachotsera kukhota kwa msewu. Atatuluka anaimbira Pilirani.

Pobwerera kuchipatala anapeza mkazi wa Jailosi atafika. Anali mayi wochepa thupi, dzina lake Habiba, ndipo manja ake anali akadali ndi mamba a usipa chifukwa uthenga unamupeza akuyanika nsomba pathandala. Anamuyang'ana Zione kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu amene?"

"Ndine, mayi. Pepani."

"Pepani sadyetsa ana," anatero Habiba, n'kutembenuka.

Mwendo unali utathyoka pawiri. Jailosi anagona m'chipatala nthawi yaitali, ndipo atatuluka ndi chikhakha, abale ake anaitanitsa Zione kuti akakambirane. Anapita ndi a Kenneth. M'njira a Kenneth ankamulangiza.

"Anthu awa tingowapatsa kenakake m'manja, nkhani ithere pomwepo. Za makampanizi zimatenga zaka. Mukanamvera ine poyamba paja..."

"Ndikanamvera inu, achimwene, bwenzi lero ndili ndi kapepala kopanda mwini."

Abale a Jailosi anawalandira pakhonde masana, atabwerako ku swala kumzikiti. Jailosi anali pamkeka atatsamira khoma, ndodo zake zili pambali. Amene ankayankhula anali mkulu wake, a Latif, ogulitsa nsomba, munthu wa ndevu zometedwa bwino ndi mawu odekha.

"Mayi, ife sitikufuna milandu," anatero a Latif. "Munaima, munamutengera kuchipatala, zimenezo taziona. Koma m'bale wathuyu chuma chake chinali miyendo ndi njinga, ndipo zonse mwatenga. Tsono tikuti galimoto ija mutisiyire. Tigulitsa, ana adye."

A Kenneth anatsegula pakamwa kuti ayambe kunenerera, koma Zione anawagwira mkono.

"Bambo, galimoto ija mukaitenga mupeza zitsulo zopindika. Mudya mwezi umodzi, mwina iwiri, kenako a Jailosi adzatsala ndi mwendo wawo womwewu. Ine ndisanayambe kuyenda pamsewu ndinalipira kampani kuti tsiku ngati ili likadzafika, munthu amene ndamulakwira asadzadalire thumba langa, chifukwa thumba langa ndi laling'ono. Chipukuta misozi chawo chili kumeneko. Njinga, chipatala, kuvulala, zonse akuyenera kulipidwa. Koma tikagwirizana zakumbali pano, kampani idzasamba m'manja."

"Inshuwaransi ndi nyimbo ya anthu amagalimoto," anatero a Latif. "Ndani wakabaza amene munamuona atalandira?"

"Sindinamuone. A Jailosi akhala woyamba amene ndimuone. Ndiyenda nawo ndekha mpaka zitheke."

Onse anayang'ana Jailosi, yemwe anali asanayankhulepo. Iye anakanda pamwamba pa chikhakha ngati kuti kuyabwa kungamveke.

"Mayi awa anandinyamula pamiyendo," anatero. "Akanafuna kuthawa, chitseko chinali chotsegula. Tiyeni tiwayese. Inshallah."

Kuyesako kunali kowawa. Galimoto anaikoka n'kukaisiya pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwa Zione, ndipo nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pake. Iye anabwerera ku moyo wakale woyenda pansi. Masiku oyamba akabaza a pasiteji ankati akamuona akubwera, aliyense ankayang'ana kumbali ngati sanamve kuitana, moti ankafika kuntchito fumbi lili m'miyendo. Kuloji nako anzake sanamusiye.

"Inshuwaransi yanji yosakonza galimoto?" anafunsa wophika wina akuseka. "Anakuberani masana, mayi."

"Sanandibere," anayankha Zione akupinda mathawulo. "Anandiuza poyera kuti yanga ndidzakonza ndekha, ine n'kuvomera. Chimene ndinagula chikugwira ntchito yake."

Masiku ake opuma ankathera m'maofesi. Pankafunika lipoti la apolisi, lipoti la dokotala lonena mmene mwendo wawonongekera, ndiponso umboni wa mtengo wa njinga. Jailosi sankatha kuyenda, choncho Zione ankapita ndi Habiba. Ulendo woyamba anakhala mu minibasi ngati anthu osadziwana, aliyense akuyang'ana zenera lake. Ulendo wina, atadikira dokotala m'mawa wonse pabenchi, Habiba anamasula kansalu n'kutulutsa zitumbuwa, n'kumupatsira Zione chimodzi osamuyang'ana. Kuyambira pamenepo anayamba kucheza, za ana, za mtengo wa usipa, za amuna ndi kuuma mitu kwawo.

Kenako kampani inatumiza munthu wake wofufuza. Anayang'ana laisensi ya Zione, anajambula galimoto, n'kupita pasiteji kukafunsa akabaza ngati kasiyenta kabuluu kaja kankanyamula matola. Zione atamva anagwidwa ndi mantha, poti anthu amenewa anali asanamukhululukire, ndipo bodza limodzi likanagwetsa zonse. Koma yemwe anatola mwala tsiku lija ndi amene anayankha.

"Amenewo? Matola ayi. Akanakhala a matola bwenzi tikuwadziwa, si ndi amene amatilanda makasitomala. Amenewo amangonyamula agogo a kutchalitchi."

Mawa lake m'mawa, wakabaza yemweyo anaima pafupi ndi Zione pamsewu n'kuloza kampando kakumbuyo. "Kwerani, mayi, muchedwa."

Mvula inabwera n'kupita, yankho osaoneka. A Latif anayamba kudutsa pakhomo pa Zione madzulo, osalowa, kungoima pamsewu n'kuyang'ana galimoto ija pansi pa mango. Zione ankati akapita ku ofesi, Pilirani ankamuuza kuti nkhani ili ku likulu. Tsiku lina Zione anafika ku ofesiko m'mawa, n'kukhala pampando wa alendo, n'kutulutsa nsalu yake yoluka.

"Lero ndiye ndikhala pompano," anatero. "Muwauze a kulikuluwo kuti kuno kuli mayi amene analipira pa nthawi yake, ndipo akudikira kuti nawonso achite chimodzimodzi."

Pilirani anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunyamula foni. Anaimba kangapo tsiku limenelo, mawu akukwera pang'onopang'ono, mpaka Zione anamva akunena kuti, "Ayi bwana, munthuyu sachoka, ndipo ine ndikugwirizana naye."

Sipanapite nthawi yaitali, Jailosi anaitanidwa kuti akasaine. Anapita atavala mkanjo wake woyera wa Lachisanu, akutsimphina ndi ndodo imodzi, a Latif ali pambali. Zione anadikira panja. Atatuluka, a Latif anavula kofiya n'kuipinda m'manja, n'kuivalanso.

"Alhamdulillah," anatero. "Mayi, ine ndinkati ndi nyimbo chabe."

"Nanenso nthawi zina ndinkaopa kuti ndi nyimbo," anayankha Zione.

Habiba anangomugwira Zione dzanja n'kuyenda naye choncho mpaka kudepoti, anthu akuwayang'ana.

Chipukuta misozicho sichinabweze mwendo. Unapola, koma unafupika pang'ono, ndipo dokotala ananena kuti zopalasa njinga ndi katundu aiwale. Jailosi analira tsiku limenelo, chifukwa ankaikonda ntchito yake. Koma anali ndi poyambira. Anagula njinga yatsopano n'kuibwereketsa kwa wakabaza wina, ndipo iye anamanga kashedi kamalata pamphambano yopita ku Lifuwu, n'kugula zipangizo ndi pampu yaikulu. Akabaza onse a dera limenelo anayamba kukonzetsa njinga zawo kwa iye.

Galimoto ya Zione inatenga nthawi yaitali kuposa mwendo. Ankagula chitsulo chimodzi mwezi uno, china mwezi wamawa, makaniko akubwera kudzamangirira pansi pa mango pomwepo. A Kenneth, omwe tsopano ankauza aliyense ku Khombedza kuti iwo ndi amene analangiza mlongo wawo kupita ku ofesi yeniyeni, anathandiza kusaka boneti ku Lilongwe. Yabuluu sinapezeke. Inapezeka yoyera, ndipo Zione anati aike yomweyo.

Tsiku loyamba kuiyendetsanso, Zione anayenda pang'onopang'ono, njinga zamoto zikumupitirira. Atafika pamphambano ya ku Lifuwu, akabaza anaizindikira ngakhale inali ndi boneti yachilendo, ndipo anayamba kuliza mabelu onse pamodzi. Zione anapatukira kumbali n'kuima kutsogolo kwa kashedi.

Jailosi anadzuka pa chitsa chomwe ankakhalira, n'kubwera akutsimphina, manja ali bii ndi girisi. Anaizungulira galimoto yonse mosafulumira, n'kugogoda boneti ndi chala, kenako anawerama pa tayala lakutsogolo.

"Ili lachepa mpweya, mayi. Musayende nalo chonchi."

Anakoka pampu yake n'kuyamba kupopa. Bambo wina wachilendo, yemwe ankadikira kuti amumatire chubu, anafunsa kuti mayi a galimotowa ndi ndani, poti aliyense akuwapatsa moni.

"Simukuwadziwa?" anatero Jailosi osasiya kupopa. "Awa ndi mayi aja anandigunda."

Ananena ngati akuonetsa mlendo azakhali ake. Bamboyo anayang'ana Jailosi, n'kuyang'ana Zione. Zione anatuluka m'galimoto, n'kukonza duku lake, n'kupereka moni kwa mlendoyo ndi manja awiri.